Nyimbo Imene Ndinkaledzera Nayo

Muli bwanji nonse? Ndathokoza kuti mwandipatsa mpata woima pano masana ano. Ambiri mumandidziwa kuti make Mwayi, ena mumati Esinati wa ku Govanhill, kuno ku Glasgow. Enanso mumandidziwa ngati mayi uja anasowa kutchalitchi nthawi yaitali n'kumanena kuti ali pa shifiti. Shifitiyo inali botolo, abale anga. Ndayamba ndi pamenepa kuti pasakhale wina wodikira kuti ndifikapo liti.

Ndikudziwa kuti muholo muno muli wina amene m'chikwama mwake mwadzaza timaswiti tobisa fungo la m'kamwa. Sindikuyang'anani. Ndikungonena kuti inenso ndinkayenda nato.

Umboni wanga uli ndi nyimbo m'kati mwake, koma si ya m'buku la nyimbo. Abusa mundikhululukire, ndi ya panki. Kwa amene simukuidziwa, panki ndi nyimbo zaphokoso zija zinabuka kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ankaziimba ndi achinyamata a tsitsi loimirira ngati tsumba, ovala zong'ambika zolumikiza ndi mapini. Nyimbo zake ndi zazifupi, zothamanga, ndipo woimba amakuwa ngati akupirikitsa mbuzi m'dimba. Simungaganize kuti Mulungu angadzere m'phokoso lotero. Inenso sindinkaganiza.

Ndinakulira ku Zomba, m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Mpaka tsiku limene ndinakwera ndege, mowa ndinali ndisanaulawepo. Kuno ndinabwera kutsatira bambo a Mwayi, amene ankachita maphunziro. Mwayi anabadwira konkuno. Maphunziro atatha, ntchito itapezeka, banja linayamba kuzirala, mpaka bambowo anasamukira kumwera ndi mayi wina. Za iwo sindikamba zambiri, umboniwu si wawo.

Ndinatsala ndi mwana ndi ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina mnzathu wina ankasiya ntchito, ndiye anzanga anandikokera kupabu kukamutsanzika. Anandiikira tambula ya vinyo patsogolo. Ndinati ndingolawa. Nditafika theka, chifuwa changa chinamasuka kwa nthawi yoyamba chichokereni bambo aja. Kenako anaika nyimbo ina, ndipo pabu yonse inaimirira. Nkhalamba, atsikana, ngakhale wogulitsa mowa, onse matambula m'mwamba. Woimba anali mtsikana wa mawu akuthwa. Mavesi sindinamvepo kanthu, mukudziwa Chizungu cha kuno chikayamba kuthamanga. Ndinangogwira kolasi yokha, imene inkabwereza kuti dzukani, dzukani, imani ndi miyendo yanu. Ndinadzuka. Ndinakuwa nawo mpaka mawu anasasa. Ndinaona ngati nyimboyo ikulankhula ndi ine, mkazi wosiyidwa, kuti ndisagwe mphwayi.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Vinyo wa Lachisanu anasanduka wa tsiku lililonse. Vinyo atayamba kuchedwa kugwira, ndinapita ku vodika, chifukwa ndinamva kuti sanunkha. Amanunkha, musanamizidwe. Ndinkamuthira m'botolo la madzi n'kukwera naye basi. Ndinkasinthasintha mashopu kuti wogulitsa asandizolowere. Kwaya ndinasiya. Amayi a mpingo akaimba foni ndinkati ndili kuntchito. Kumudzi ndinkatumiza zithunzi zakale. Ndipo nthawi zonse ndikamamwa ndekha kukhitchini ndinkaika nyimbo ija pafoni, kuti ndisamve ngati ndikumwa ndekha.

Kuntchito anandichenjeza, anandichenjezanso, kenako anandipeza nditagona pampando, gogo wina amene ndinkayenera kumudyetsa akuitana. Anandiuza kuti ndipereke kiyi wa loka yosungamo katundu wanga. Ndinatuluka, ndinawoloka msewu, ndinalowa m'shopu kukagula botolo.

Tsiku loipitsitsa linali la nyemba. Ndinaziteleka, ndinakhala pasofa kuti ndipume pang'ono. Mwayi, amene nthawiyo anali atangoyamba sekondale, anabwera kuchokera kusukulu n'kupeza utsi ukutulukira pansi pa chitseko, alamu ikulira, ine osamva. Anazimitsa yekha kuka yophikirapo, anatsegula mawindo, anandikokera mpaka pamasitepe. Ozimitsa moto atabwera anandipeza nditakhala pansi, sindikutha kutchula dzina la mwana wanga bwinobwino. A boma oona za ana anabwera mawa lake. Mayi Gondwe akhala apowa, a ku Easterhouse, ndiwo anati mwanayu asapite kwa anthu achilendo, ndimutenga ine. Mwayi analongedza yekha. Potuluka sanandiyang'ane.

Mungaganize kuti pamenepo ndinasiya. Ayi. Ndinamwa kuposa kale, chifukwa tsopano panalibe womubisira. Makatani ndinkawasiya otseka. Nyimbo ija ndinaigulira kasipika, ndipo inkalira kuyambira m'mawa, ikatha n'kuyambiranso.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa apa ndi pamene panatembenukira moyo wanga.

Inali nthawi yozizira, chakum'mawa ndithu, ana atapita kale kusukulu. Ndinali nditayamba kale kumwa. Ndinamva kugogoda, osati kwa dzanja koma kwa ndodo. Nditatsegula ndinapeza a Moira, mayi wachisikoti wokhala fulati ya pansi pa yanga. Tinkangopatsana moni pamasitepe. Ndi mayi wamfupi, wopitirira zaka sikisite, tsitsi lalifupi lopaka mtundu wapepo. Tsikulo anali atavala jekete lachikopa lakalekale, kumapazi masilipasi. Amanditchula kuti heni. Ndi mawu a kuno oitanira mkazi mwachikondi, koma poyamba ndinkakhumudwa, ndinkaona ngati akunditcha nkhuku.

Anati, "Heni, zimitsa chinthucho. Sabata yonse ndakhala ndikudzimvera ndekha kudzera kudenga."

Ndinati, "Kudzimvera bwanji?"

Anati, "Akukuwayo ndine."

Ndinaseka. Ndinaganiza kuti mwina nawonso alawa. Iwo sanaseke. Anatsamira ndodo yawo, anadikira kolasi, n'kuimba limodzi ndi kasipika kaja. Mawu anali okalamba, koma anali omwewo, mpaka pamene amasweka kumapeto kwa mzere. Tsitsi linandiima.

Analowa osaitanidwa. Anayang'ana khoma lakuda pamwamba pa kuka, anayang'ana mabotolo pansi pa tebulo. Anazimitsa okha kasipika, anakoka mpando umene ankakhalapo Mwayi, n'kukhala.

Anafunsa kuti, "Ukudziwa zimene nyimboyi ikunena?"

Ndinati, "Ikunena kuti munthu adzuke, asagonje, avine."

Anati, "Onse amatero. M'mapabu, m'maukwati, m'mabasi opita kumpira. Khala pansi ndikuuze."

Anandiuza kuti anakulira ku Springburn konkuno, misewu ingapo kuchokera pa holo ino. Bambo awo ankagwira ntchito kumene ankakonza mitu ya sitima. Ntchito itayamba kuchepa, anali m'gulu la ochotsedwa. Mayi awo anali atamwalira kale. Bambowo sanali ankhanza, sanamenyepo mwana. Ankangokhala pampando wawo n'kumamwa mpaka kugona. A Moira anali mtsikana wa sukulu. Panki itafika, iwo ndi anyamata atatu a mumsewu mwawo anapanga bandi, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuimba. Nyimboyo anailemba atakhala pansi pafupi ndi mpando wa bambo awo, bambowo akuliza mkonono.

Kenako anati, "Mvetsera." Anayamba kutchula mawu a mavesi aja pang'onopang'ono, osaimba, ngati munthu akuwerenga mawu kutchalitchi. Akaona kuti sindinamve, ankabwereza m'Chizungu chosavuta.

Vesi yoyamba ikunena za mtsikana amene akachoka kusukulu amaima kaye pakhomo, kiyi ali m'manja, n'kumamvetsera kuti adziwe ngati lero kuli bwino kapena ayi. Yachiwiri ikunena momwe amavulira bambo ake nsapato, momwe amachotsera ndudu yoyaka pakati pa zala zawo, momwe amawatembenuzira chammbali kuti asatsamwidwe ndi masanzi. Yachitatu ikunena za bodza limene amauza aphunzitsi, lakuti bambo akudwala. Ndiye kolasi ija. Si yoitanira anthu kuvina. Ndi mwana akugwedeza kholo lake, akulipempha, akulikalipira, kuti dzukani, imani ndi miyendo yanu, ine sindingathe kukunyamulani.

Abale anga, ali pa vesi yachiwiri ndinakumbukira. Kunali m'mawa wambiri umene ndinkadzuka pasofa nditagona chammbali, pilo ali kumsana kwanga, beseni lili pansi, nsapato zitaikidwa bwinobwino pakhomo. Ndinkaganiza kuti ndinkachita ndekha ndisanagone. Ndinkadzitama mumtima kuti ngakhale ndimwe, ndimadzisamala. Anali Mwayi. Mwana wanga ndiye ankandivula nsapato. Ndipo ine ndinkatenga kulira kwa mwana ngati iyeyo n'kukusandutsa nyimbo yomwera.

Ndinathamangira kusinki kukasanza. Nditabwerera, a Moira anali akadali pomwepo.

Ndinafunsa kuti, "Bambo anu anaimva?"

Anati, "Ankaiimba. Itayamba kumveka pawailesi ankayenda m'mapabu kuuza aliyense kuti mwana wanga ndi ameneyo, anthu n'kumawagulira mowa. Nawonso ankangomva kolasi. Patapita zaka, ali m'chipatala, chiwindi chitatha, maso achikasu, anandiuza kuti ndiwatchulire mawu onse pang'onopang'ono, ngati momwe ndachitira kwa iwe. Nditamaliza anatembenukira kukhoma. Anangoti, unali wamng'ono. Sabata imeneyo sinathe, anamwalira."

Panja galimoto ya zinyalala inkadutsa.

Anati, "Usandiyang'ane ngati munthu woyera. Bandi itatha, inenso ndinakhala pampando womwewo. Zaka zambiri ndinkaimba nyimboyi m'mapabu kuti andigulire mowa. Ine mwini wake, wodziwa mawu onse. Ndinasiya kalekale, koma ndinasiya nditataya zambiri. Bambo anga anamva mochedwa. Iwe wamva lero, mwana wako ali moyo, ali kutsidya kwa tauni basi. Uchita nazo chiyani?"

Ndinadzuka, ndinatenga botolo kuti ndikalikhuthulire m'sinki. Anandigwira mkono. Apa mumvetsere bwino, amene muli m'madzi omwe ndinali ine. Anati munthu amene wakhala akumwa tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha, thupi likhoza kugwidwa ndi khunyu, ena amafa kumene. Anati choyamba ndi dokotala. Anandipatsa foni yanga m'manja, anakhala pambali panga mpaka ndinaimba. Wolandira foni atafunsa kuti vuto ndi chiyani, ndinazengereza. A Moira anandigunda ndi ndodo pamwendo. Ndinati, ndimamwa, ndipo ndikulephera kusiya. Aka kanali koyamba kutchula mawu amenewo.

Masabata otsatira sindiwakometsera. Kuchipatala anandipatsa nesi amene ankabwera kudzandiona ndi mankhwala. Ndinatuluka thukuta, ndinanjenjemera moti kapu ndinkaigwira ndi manja awiri, chakudya chinkabwerera. A Moira ankakwera masitepe ndi ndodo yawo, atanyamula supu m'fulasiki, ndipo akafika ankakhala kaye kupuma asanandikalipire kuti ndisambe. Thupi litakhazikika, anandiperekeza ku gulu la anthu amene akusiya mowa. Ndinkaopa kuti ndikakumanako ndi Mmalawi. Tsopano ndimapemphera kuti ndikumane naye.

Chachiwiri chimene ndinachita chinali kuimbira mayi Gondwe. Ndinayamba kuzungulira, kukamba za kuzizira, za mabasi. Iwo anati, "Make Mwayi, nenani chimene mwaimbira." Ndinanena. Anati, "Tinkadziwa. Timadikira kuti munene nokha." Ndinachita manyazi, koma ndinamvanso ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinayenda nawo mtunda wautali. Lamlungu lotsatira anadzanditenga, ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Palibe anandiloza chala. Mayi wina anangondisunthira buku la nyimbo.

Tinthu tina ndi ting'onoting'ono, koma n'tothandiza. Ndinasintha njira yochokera pa siteji ya basi kuti ndisamadutse pa shopu yogulitsa mowa. Makatani ndinayamba kuwatsegula ndikangodzuka. Nthawi yovuta kwa ine inali madzulo a nyengo yozizira, pamene kunja kumada ana asanafike n'komwe kunyumba, ndiye nthawi imeneyo ndinkaonetsetsa kuti ndili ndi munthu, kapena ndili pa foni ndi munthu. Ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yochapa nsalu kuhotelo ina. Inali yotopetsa, koma kutopa kwake kunkandigoneka.

Ndinagwanso kamodzi, nthawi ya Khirisimasi, nditamva kuti Mwayi wakana kubwera. Ndinamwa masiku angapo. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno sindinabise. Ndinatsika masitepe, ndinagogoda kwa a Moira ndikununkha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino. Wagwa. Foni ya nesi uli nayo?" Ngati mwagwanso, musanene kuti zonse zapita pachabe. Imbani foni tsiku lomwelo.

Masiku amenewo tinkayenda kupaki ndi a Moira, pang'onopang'ono chifukwa cha chiuno chawo, ndipo ankandiuza mbiri yotsala ya nyimbo ija. Anaijambula masana amodzi okha, m'kachipinda ka pamwamba pa galaja, mwini galaja akugogoda pansi kuti achepetse phokoso. Zikuto za zimbale ankamata okha ndi guluu patebulo la kukhitchini, n'kumayenda nazo m'mashopu atazinyamula m'jumbo. Malo ambiri oimbira mu mzinda muno ankawakaniza, akuti achinyamata a panki amaswa mipando, ndiye ankakwera sitima kukaimba kumatauni oyandikana nawo. Bandiyo sinakhalitse. Woimba ng'oma anamwalira ndi mankhwala osokoneza bongo akadali mnyamata. Woimba gitala anakhala dalaivala wa basi mpaka kupuma. Nyimbo yokha ndiyo inapitirira popanda eni ake. Mpaka pano ana akamaphunzira gitala amayambira imeneyo, chifukwa zala zimangosuntha malo atatu.

Ndinawafunsa ngati siziwawawa kumva anthu oledzera akuiimba. Anati poyamba zinkawawawa kwambiri. "Koma nthawi ndi nthawi munthu amandiimitsa pa basi, munthu wa imvi kale, n'kundinong'oneza kuti ine ndinkadziwa zimene inkanena, ndinkaimvera m'chipinda ndili mwana, chitseko nditakhoma. Eni ake a nyimboyi ndi amenewo. A m'mapabu amangobwereka."

Chovuta kuposa kusiya mowa chinali Mwayi. Patapita miyezi oona za ana anandilola kuti azibwera Loweruka, mayi Gondwe akumuperekeza. Ankakhala pasofa jekete osavula, maso pa foni. Ndikamulankhula Chichewa ankayankha Chizungu chake cha kuno, mawu amodzi amodzi. Ndinamuphikira zonse zimene ankakonda, ankangotola pang'ono. Tsiku lina ndinagwada ndithu n'kumupepesa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mami, mawu amenewo munanenapo kale." Ankanena zoona.

Loweruka lina anakumana ndi a Moira pamasitepe. Sindikudziwa zimene anakambirana. Ndinangoona kuti kuyambira pamenepo akafika ankandipatsa moni, kukhala pang'ono, kenako n'kutsikira pansi. Ine ndinkatsala ndi chakudya patebulo, ndikumva gitala ikulira molakwika kudzera pansi pa mapazi anga. Nsanje inandigwira. Ndinakawauza a Moira kuti tsiku langa ndi limodzi lokha, ndipo akundilanda mwana. Anati, "Heni, mwanayu ali ndi zambiri zoti akuwe. Kodi ukufuna azikuwira m'mimba mwake? Musiye. Iwe ntchito yako ndi yakuti akakwera masitepe azikupeza uli maso." Ndinabwerera m'mwamba ndikulira, koma ndinamvera. Loweruka lililonse akamakwera kudzatsanzika ankandipeza ndili maso.

Zinatenga nthawi yaitali. Ndinabwerera ku ntchito yosamalira okalamba, kumalo ena, nditawauza mbiri yanga yonse asanandilembe. Oona za ana anayamba kunena kuti Mwayi akhoza kubwerera ngati akufuna. Iye anakhalabe kwa mayi Gondwe.

Tsiku lina akutuluka anaima pakhomo, nsana atandipatsa. Anati iye ndi anzake a kusukulu apanga bandi, ndipo akaimba masana ena muholo ya m'dera lathu, pa chionetsero cha achinyamata. Anati, "Mukafuna mubwere. Koma simukaikonda."

Tinapita atatu, ine, a Moira ndi mayi Gondwe atavala duku lawo la kutchalitchi. Muholo munali makolo, ana ang'onoang'ono akuthamanga pakati pa mipando. Mwayi anatulukira ndi gitala, malaya a sukulu atang'ambidwa manja. Anayamba ndi nyimbo ya a Moira. Makolo achisikoti anaimirira n'kumaimba kolasi, akuseka. A Moira anandinong'oneza kuti woimba ng'oma akuchedwa. Ine ndinakhala pansi, ndikumva mawu onse a mavesi akutuluka m'kamwa mwa mwana wanga.

Kenako Mwayi anayandikira maikolofoni n'kunena kuti yotsatirayi walemba yekha. Iyi sindinafunike womasulira. Chizungu cha mwana wanga ndimachimva ngakhale chithamange bwanji. Anaimba za utsi wotulukira pansi pa chitseko. Anaimba za kulemera kwa munthu wamkulu ukamamukoka pansi. Anaimba za azianti a kutchalitchi amene ankamufunsa kuti mami ali kuti, iye n'kumayankha kuti ali kuntchito. Pakati pake magitala anaima, ndipo anakuwa mawu amodzi a Chichewa, ndi katchulidwe kake ka ku Glasgow, kuti ndatopa. Anawabwereza mpaka mawu anasweka. Azungu aja sanamve, anangowomba m'manja. Tinamva ndife awiri, ine ndi mayi Gondwe.

Miyendo yanga inkafuna kuthawa. Chitseko chinali pafupi. Ndikanama ndikati sindinaganize za shopu imene ili pakona pa holoyo. Mayi Gondwe anandigwira dzanja mwamphamvu, mphete yawo inandisiyira chizindikiro. Ndinapemphera mawu ochepa, Ambuye ndikhazikeni pampandowu. Ndinakhala mpaka nyimbo inatha.

Anthu akutuluka, ndinapita kutsogolo. Mwayi ankakulunga waya wa gitala, osandiyang'ana.

Anati, "Mwakwiya?"

Ndinati, "Ayi."

Anati, "Zonse zija ndi zoona."

Ndinati, "Ndikudziwa, mwanawe. Sunaname paliponse."

Anapitiriza kukulunga waya uja, ngakhale anali atatha kale. Kenako anati, "Ndimaganiza kuti mutuluka. Ndimayang'ana chitseko."

Anaika gitala m'chikwama chake, anatseka zipi, n'kunena ngati akukamba nkhani wamba kuti, "Kwa anti Gondwe kulibe malo oika gitalayi. Ingakhale kuchipinda kwanga?"

Ndinanyamula gitalayo ndekha mpaka kunyumba. Inayamba kubwera ndi gitala. Kenako mabuku a sukulu. Kenako jumbo ya zovala. Tsiku lina ndinangoona misuwachi iwiri m'kapu ya kubafa. Panalibe mwambo, panalibe kulira kokumbatirana. Anangosiya kubwerera ku Easterhouse.

Sindikunena kuti zonse zili myaa. Masiku ena amakwiya popanda chenjezo, ndipo ndaphunzira kusadziteteza. Nyimbo yake ija amaiimbabe, sanachotsepo mzere ndi umodzi womwe, ndipo sindinamupemphe kutero. Kugulu kuja ndimapitabe sabata iliyonse. A Moira chiuno chawavuta kwambiri, tsopano ndine ndimatsika ndi fulasiki. Koma m'mawa ndimadzuka ndikukumbukira zonse za dzulo, ndipo ndimamva mwana wanga akutsegulatsegula makabati kukhitchini, akudandaula kuti mkaka watha. Mtima wanga umakhala pansi. Ndi Mulungu amene anachita zimenezi, ndipo anatuma amene anafuna kutuma, nesi, mayi wa duku, ndi mayi wa tsitsi lapepo.

Kwa inu amene mukadali momwe ndinali, musadikire kuti mwana wanu aphunzire gitala kuti mumve. Pitani kwa dokotala sabata ino. Uzani munthu mmodzi zoona, mmodzi yekha ndi wokwanira poyamba. Ngati simukudziwa woyambira, tikamaliza pano ine ndikhala kukhitchini kutsuka makapu. Bwerani mudzatenge nsalu yopukutira. Kumeneko palibe amene amafunsa chimene munthu wabwerera.